Aphunzitsi a Matewere ndi Mlandu wa Sakhuta

Mwezi uno chakwana chaka chiikireni aphunzitsi a Matewere. Anthu pa maliro analipo ndithu, poti maliro n'kulirana, koma olira zenizeni tikanakwana pa mphasa imodzi. Ine ndinalira, sindibisa, ngakhale mkulu ameneyu anandichititsa manyazi pamaso pa makasitomala anga kwa zaka zambiri. Mlongo wawo, a Nangozo, amene nyumba yawo ili pafupi poti munthu akatsokomola kuno uko amamva, sanabwere pasiwa ndipo sanapite kumanda. Palibe anafunsa chifukwa chake, poti pa Ligowe pano tonse timachidziwa.

Ine ndine Lufeyo, telala. Makina anga ali pakhonde la golosale ya pamsika, ndipo munthu wokhala pakhonde tsiku lonse amaona zambiri kuposa woyenda. Aphunzitsiwa anandiphunzitsa sitandade faifi, ndipo mpaka imvi zanga kutuluka sanasiye kunditchula kuti iwe. Atapuma ntchito ankabwera pakhondepo tsiku ndi tsiku dzuwa likapendeka, atavala jekete lomwelo la bulauni limene kolala yake ndinaitembenuza kawiri, bolopeni yofiira ili m'thumba la pamtima. Mowa sankamwa, bawo sankasewera. Chimene ankadzera chinali kuweruza mlandu wa munthu wojambulidwa pa pepala.

Matipate atangolowa, nyuzipepala zinamera ngati bowa. Kale zinkanena chimodzimodzi tsiku lililonse, tsopano aliyense wokhala ndi mkwiyo ku Blantyre ankasindikiza yake. Kuno zinkafika zitagona sabata m'njira, pa matola ochokera ku Mwanza, ndipo mwini golosale ankagulako imodzi yokulungira sopo ndi mchere. Koma asanaing'ambe tinkayamba taona tsamba lomaliza, pamene panali katuni ya Sakhuta.

Sakhuta anali kamunthu kachimimba, timiyendo towonda, chipewa chobooka pamwamba ndi mano awiri okha. Nkhani yake inkakhala m'mabokosi anayi. M'bokosi loyamba ali ndi njala, m'lomaliza akutafuna, ndipo pakatipo pali munthu amene walira. Sabata ina anapita ku misonkhano ya zipani zitatu tsiku limodzi, nsalu zitatu zili m'jumbo, akusintha kuseri kwa mtengo wa mango, n'kulandira mphatso konseko. Sabata ina analira kuposa amasiye pa maliro a munthu wosamudziwa, mpaka anamupatsa mwendo wa mbuzi kuti atonthole. Ife tinkaseka mpaka misozi, makamaka poti aliyense ankadziwa Sakhuta wa m'mudzi mwake. Ine ndinasokerapo anthu angapo malaya a zipani zonse zitatu, ndiye ndinkaseka nditazyolika.

Aphunzitsi sankaseka. Ankayala pepalalo pa thabwa langa lodulira nsalu, kuvala magalasi, n'kuliyang'ana ngati kope la mwana waulesi. Kenako ankati tiyeni timuzenge. Lamulo limene ankamuweruzira silinali la boma, silinalinso la m'Baibulo. Linali la Mjeremani.

Ali mnyamata aphunzitsi anapita ku seminale kukaphunzira unsembe, anakhalako zaka zingapo, n'kubwerako osadzozedwa. Chifukwa chake sananenepo. Chimene anabwera nacho ndi buku limodzi la Chingerezi lopanda chikuto, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Analemba bukulo ndi munthu wa ku Jeremani amene anafa kalekale, woganiza zakuya pa nkhani ya chabwino ndi choipa, wosakwatira, amene akuti sanasamukepo m'tauni yakwawo. Dzina lake analitchulapo kangapo koma lilime langa linakana, ndiye tonse tinkangoti Mjeremani, ngati kuti ndi munthu wokhala kuseri kwa phiri.

Mjeremaniyo, malinga ndi aphunzitsi, ankati usanachite kanthu uyambe wadzifunsa ngati ungalole kuti anthu onse azichita zomwezo. Ndiye pa mlandu wa nsalu zitatu uja anatifunsa kuti tonse titamavala nsalu zitatu, nsaluyo ingatanthauzenso chiyani, ndipo ndani angapatsenso munthu mphatso chifukwa cha nsalu. Ankati Sakhuta amadya chifukwa choti ena onse akunena zoona, tsiku limene onse adzakhale ngati iye adzagona ndi njala. Ankanenanso kuti munthu si khasu loti ukalimira uliponye kuseri kwa nyumba, ndipo aliyense amene Sakhuta wakumana naye amamusandutsa khasu. Akamaliza ankatulutsa bolopeni ija n'kulemba pansi pa katuniyo liwu limodzi: Wolakwa. Anthu ambiri pa Ligowe anagula mchere wokulungidwa m'chigamulo chimenecho.

Loya wa Sakhuta anali a Gomani, okonza njinga pansi pa mtengo moyang'anana ndi khonde langa. Akangoona pepala layalidwa ankasiya sipanala n'kudumpha msewu, manja ali bii ndi girizi.

"Aphunzitsi, kodi Mjeremani wanuyo anagonapo ndi njala?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye asamaweruze anthu a ku Neno."

Aphunzitsi ankayankha kuti njala imafotokoza chifukwa chimene munthu wabera, koma siisandutsa kuba kukhala kupatsidwa. Tsiku lina tinaganiza kuti tawapana. Sakhuta anabereka gogo kumuwolotsa mtsinje wodzaza, ndipo a Gomani anavina pamsewu. Aphunzitsi anangoloza bokosi lachinayi, mmene Sakhuta ankadya nthochi zimene gogoyo anasenza, n'kunena kuti chabwino chochitira phindu si chabwino ayi, ndi malonda. A Gomani anafunsa ngati gogoyo wawoloka kapena sanawoloke. Anati wawoloka, koma zimenezo sizikusintha kanthu, n'kulemba zomwezo.

Pa chisankho choyamba cha matipate chija aphunzitsi anali patsogolo penipeni pamzere, atavala tayi. Ankakhulupirira kuti anthu akapatsidwa ufulu wolankhula adzayamba kunena zoona, poti mantha ndiwo ankawanamitsa. Sizinatero. Galimoto zazikulu zinkabwera ndi fumbi, kugawa nsalu ndi shuga, kulonjeza msewu wa phula ndi milatho, n'kupita. Aphunzitsi anakana nsalu pamaso pa gulu, anthu n'kumati ndiko kunyada kwa ophunzira kumeneko. Pambuyo pake ankati kale tinkanama chifukwa cha mantha, lero tikunama chifukwa cha shuga, ndipo sakudziwa kuti chochititsa manyazi kwambiri ndi chiti. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ankalimbana ndi Sakhuta. A galimoto zazikulu aja anali kutali, uyu yekha ndiye ankafika pa thabwa langa sabata iliyonse.

Ineyo ndiye ndinkaona zakuda. Matelala tonse tili ndi mawu amene tinagulira limodzi ndi makina: bwerani mawa. Si bodza kwenikweni, ndi ulemu, nanga ungamuuze bwanji mayi amene watsika phiri wapansi kuti nsalu yake sunaikhudze. Koma ndikangoti mawa itha mayi, aphunzitsi ankatsokomola n'kunena kuti mayi, nsalu yanu ili pansi pa zinzake zisanu ndipo sanaidule n'komwe, mubwere sabata ya mawa. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinawauza kuti mukundiphera bizinesi, khonde lino si kalasi, pitani mukaweruze nkhuku zanu. Anadzuka mwaulemu, kutsanzika, n'kupita. Anatha masiku atatu osabwera, ndipo pakhonde panazizira moti lachinayi ndinavundikira makina n'kukawapepesa. Anandifunsa ngati ndikupepesa chifukwa ndaona kulakwa kwanga kapena chifukwa ndasowa wocheza naye. Ndinati zonse ziwiri. Anati theka la yankholo ndi loona, ndipo alilandira.

Koma tikamaseka choncho, panali nkhani imene tonse tinkailambalala. Inachitika nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Mwamuna wa a Nangozo, a Yotamu, kalipentala amene anakhoma mabenchi a pasukulu pathu, anali wa mpingo uja wokana kugula khadi. Anyamata a chipani atayamba kuwotcha nyumba ndi kumenya anthu a mpingowo, ambiri anathawa kudutsa m'mapiri kulowa ku Mozambiki. A Yotamu sakanatha, anali atadzitema phazi ndi nkhwangwa ndipo linali litatupa. Ndiye a Nangozo anawabisa m'nkhokwe ya achimwene awo, poganiza kuti kwa hedimasitala wokhala ndi khadi palibe angafufuzeko. Aphunzitsi sanakane. Masiku atatu ankapereka okha chakudya m'nkhokwemo, ndipo ankatsuka balalo ndi madzi a mchere.

Tsiku lachinayi masana anyamata aja anafika. Ine sindinalipo, ndinali ku Mwanza kuphunzira kusoka, koma amene anaona amafotokoza mofanana. Ambiri mwa anyamatawo anali ana awo a sukulu, ndipo anafika mwaulemu, zibonga atabisa kumbuyo. Wamkulu wawo anavula chipewa.

"Aphunzitsi, sitikufuna kusokoneza pakhomo panu. Inu simunama, aliyense amadziwa. Mukangonena kuti a Yotamu kuno kulibe, ife tibwerera."

Ena amati mnyamatayo ankawapatsa mpata dala, poti nayenso sankafuna kumanga kalipentala amene anakhoma bokosi la maliro a bambo ake. Liwu lofunika linali limodzi, kulibe. A Nangozo anali chiimire pa mtondo, munsi uli m'manja, akuyang'ana achimwene awo. Aphunzitsi anayankha.

"Funso limenelo sindiyankha."

Anyamata anayang'anana. Anayamba m'nyumba, kenako kukhola, kenako kunkhokwe. A Yotamu anatsitsidwa, kumangidwa ndi chingwe cha mbuzi, n'kuyendetsedwa ndi phazi lotupalo mpaka kumsewu kumene kunali lole. Sanabwererenso. Kalata sinabwere, mtembo sunabwere, manda awo palibe akuwadziwa. Matipate atafika ndipo othawa aja anayamba kubwerera, a Nangozo ankafunsa aliyense wotsika m'phiri, koma palibe anawaonapo.

Kuyambira tsiku limenelo a Nangozo sanalankhulenso ndi achimwene awo. Akakumana panjira ankapatukira m'tchire ngati mkamwini waona apongozi. Akazi a aphunzitsi atamwalira a Nangozo anabwera, kukhala pasiwa ndi amayi anzawo, kuphika, n'kubwerera osapepesa mwini maliro. Aphunzitsi nkhaniyi sankaiyamba, koma tsiku lina anatiwerengera okha, chala chili pa mzere, pamene Mjeremani analemba kuti ngakhale chigawenga chitagogoda pakhomo kufunsa kumene mnzako wabisala, sukuloledwa kunama. Anatanthauzira m'Chichewa pang'onopang'ono, mawu osanjenjemera. A Gomani anadzuka n'kukapopa njinga imene anali ataipopa kale.

Chaka chachitatu cha matipate, nthawi imene tinayamba kumva kuti m'matauni zipani zatsopanozi nazonso zili ndi anyamata awo a zikwanje, kunabwera katuni imene ndimalakalaka ikanakulungidwa sopo tisanaione. M'bokosi loyamba munthu akuthawa anyamata a zikwanje n'kugwa pa mapazi a Sakhuta. M'lachiwiri Sakhuta wamuvundikira ndi dengu lalikulu n'kukhalapo pamwamba. M'lachitatu akuloza kumtsinje, akuti wadzera uko, thamangani. M'lachinayi anyamata apita, munthu uja watuluka, ndipo Sakhuta wamuvula nsapato n'kuvala yekha.

Tsiku limenelo a Nangozo anali pakhonde panga, ndipo kulakwa kunali kwanga. Ankabwera m'mawa wokhawokha kuti asakumane ndi achimwene awo, koma za bulauzi yawo ndinali nditawauza kuti mawa katatu konse, ndiye anabwera dzuwa litapendeka atakwiya, n'kukhala pansi kuti sachoka mpaka ndimalize. Aphunzitsi anafika, anawaona, anakhala kumapeto kwa benchi. A Gomani, osayang'ana kaye zimene zajambulidwa, anayala pepala n'kuyamba kufotokoza mokweza. Pofika bokosi lachitatu mawu awo anali atachepa.

Aphunzitsi anavala magalasi. Anayamba ndi nsapato. Anati apa n'zoonekeratu, Sakhuta sanabise munthuyu chifukwa cha chifundo, anaona nsapato, ndiye ndi malonda monga kale. Tonse tinavomera msangamsanga, ine ndinaponda makina mwamphamvu kuti phokoso likwirire nkhaniyo. Pamenepo a Nangozo analankhula, maso ali pa nsalu imene ndinkasoka.

"Achimwene, za nsapato tazisiyani. Nanga bodzalo?"

Aka kanali koyamba kuwalankhula patatha zaka zoposa makumi awiri. Phazi langa linaima lokha.

"Bodza ndi bodza, Nangozo."

"Munthu wa pansi pa denguyo ali moyo?"

"Ali moyo."

"Akazi ake amuona?"

"Pepalali silinanene."

"Amuona. Wopanda nsapato, koma amuona. Lembanitu, bolopeni muli nayo."

Anaitulutsa. Chivindikiro chinagwa pansi n'kugubuduka mpaka m'ngalande, ndipo palibe anachitola. Analemba Wolakwa, zilembo zokhota ngati za mwana wa sitandade wani. A Nangozo anadzuka, kumangitsa chitenje, n'kupita bulauzi ili pa makina.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Titatsala awiri, aphunzitsi analankhula osandiyang'ana. Anati akanena kuti Sakhuta wakhoza, ndiye kuti Yotamu anamupha ndi iwo, ndi pakamwa pawo. Akanena kuti walakwa, ndiye kuti anyamata aja atabweranso lero angayankhenso chimodzimodzi. Anati zaka zonsezi akhala akufufuza m'bukumo njira yachitatu, ndipo mulibe. Ndinangowafunsa ngati ndiwaitanitsire tiyi.

Anabwerabe pakhonde miyezi ingapo, koma sanaweruzenso. Sakhuta anapitiriza kuba ndi kutafuna, a Gomani ankawaputa, iwo ankangoti maso akuvuta. Kenako miyendo inayamba kutupa. Anapita kuchipatala ku Lisungwi, anabwerako ndi mankhwala, n'kugona.

Masiku awiri asanamwalire ananditumizira uthenga. Ndinawapeza masana pa mphasa m'chipinda, ataonda, mwana wawo wamkazi wochokera ku Blantyre akuwakupiza ndi katoni. Anati iwe Lufeyo, pita ukamuuze mlongo wanga kuti ndikufuna ndimuone. Pakati pa nyumba ziwirizo panali kanjira kodutsa m'munda, kamene ankayendamo ana ndi nkhuku basi. Ndinawapeza a Nangozo akusenda chinangwa pabwalo.

"Akuti chiyani, akuti analakwa?"

"Angoti akufuna akuoneni, mayi."

"Pitani mukawafunse. Akanena kuti analakwa tsiku lija, ndibwera ngakhale chokwawa."

Ndinabwerera mtima utapepuka, poti ndinkati munthu ali pakamwa pa manda, liwu limodzi lingamuvute bwanji. Ndinawauza. Anayankha maso ali otseka.

"Ndikanena kuti ndinalakwa pamene sindikudziwa ngati ndinalakwa, ndiye kuti ndamunamiza mlongo wanga kuti abwere."

"Aphunzitsi, ingonenani basi. Mjeremaniyo sakumva, anafa."

"Sindikudziwa, mwana wanga. Ukamuuze zomwezo, kuti sindikudziwa."

Mwana wawo anatuluka panja kukalira. Ine ndinalowanso kanjira kaja nditatsimikiza mtima. Ndinati ndikanena kuti avomera, ati analakwa, akupepesa. A Nangozo akanafika, mkuluyo mphamvu zotsutsa analibe, akanangogwirana manja basi. Ndine telala, ndimanama kangapo dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa cha mabatani ndi zipi. Ndinayeseza mawuwo njira yonse. Nditafika, a Nangozo anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti anali atasamba m'manja, atasintha chitenje n'kumanga mpango kumutu.

"Ati chiyani?"

"Akuti sakudziwa."

Chimene chinandigwira lilime sindikuchidziwa mpaka pano. Kaya ndi maso a mayiwo, kaya ndi zaka zonse zija zokhala benchi limodzi ndi munthu wosanama. A Nangozo anagwedeza mutu pang'ono, kumasula mpango, kutola mpeni n'kupitiriza kusenda. Nditabwerera aphunzitsi anafunsa ngati ndanena monga anandituma. Ndinati eya. Anati wachita bwino. Ine sindikuona kuti ndinachita bwino, ndipo zimandiwawa tsiku lililonse.

Dzulo ndinadutsa pakhomo pawo. Mwana wawo anatenga mipando n'kubwerera ku Blantyre, chitseko anamanga ndi waya. Denga la khitchini lagwera mkati, chiswe chakwera mafelemu a mawindo, ndipo pabwalo pamene ankasesa okha m'mawa uliwonse pamera chisoso chofika m'mawondo. Mtengo wa manachesi wabereka, zipatso zikuwolera pansi poti ana amaopa kulowapo. Ndinafuna kudutsa kanjira kaja kuti ndikapereke moni kwa a Nangozo, koma sindinakapeze. Chaka chino mayiwo analima mpaka m'malire, mizere inadutsa pamene panali njira, ndipo nandolo amene anadzalapo wandipitirira kale msinkhu.